Bokosi la Msilikali kwa Dzoole

Tinanyamuka ku Salima mbandakucha, ndipo titadutsa Mvera tinayamba kumva mphepo ya kumapiri, yosiyana kotheratu ndi ya kwathu kunyanja. Pa Kanengo tinasintha basi, pa Mponela tinatsika n'kulowa msewu wafumbi wopita kwa Dzoole, m'boma la Dowa, kukaona mnzathu amene anakwatira kumeneko. Kuno ndi kwa zigafa za fodya, mtedza ndi chimanga, ndipo kukacha bwino mapiri a Ntchisi amaonekera patali.

Madzulo tili pakhonde, m'mwamba munadutsa ndege yokatera ku Lumbadzi. Apongozi ake a mnzathuyo, mayi wachikulire, anakweza maso nati: "Aphunzitsi, malemu bambo anga akamva phokoso limeneli ankasiya nsima. Anali a Keyala." Kenaka anatuma mdzukulu kukatenga bokosi lachitsulo kunsi kwa bedi.

M'bokosimo munali mendulo zitatu, imodzi yooneka ngati nyenyezi, yolembedwa kuti Burma Star. Munalinso kabuku kotulukira usilikali, kodyedwa ndi chiswe m'mbali, ndi kansalu kopepuka kopindidwa bwino. "Aka n'kachidutswa ka parachuti," anatero mayiwo. "Bambo ankati ndege ina inkaponya imfa, ina inkaponya mpunga, koma oyendetsawo sanawaonepo nkhope."

Mawuwo ndi oona. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ya 1939 mpaka 1945, amuna oposa 25,000 a dziko lino analowa usilikali, ambiri m'gulu la King's African Rifles, lomwe makolo athu ankalitchula kuti Keyala. Mu July 1940 anatchinjiriza Moyale, kumalire a Kenya ndi Ethiopia, ndipo mu August anamenya nkhondo pa Tug Argan ku Somaliland. Kumeneko ndege za Italy zinkawagwetsera mabomba. Mu 1944 anali ku Burma, m'chigwa cha Kabaw, nthawi ya mvula yosalekeza. Misewu inasanduka matope, malungo anagwetsa ambiri, ndipo chakudya chinkachita kuponyedwa kuchokera m'ndege za Dakota. Pofika December chaka chomwecho anali atafika pa Kalewa, m'mbali mwa mtsinje wa Chindwin.

Nanga a m'ndegewo anali ndani? Nawonso anali anyamata, ambiri a zaka za m'ma 20. Mwa anyamata pafupifupi 125,000 amene ankauluka m'ndege zoponya mabomba za gulu la Britain la Bomber Command, 55,573 anafa. Ena mwa oyendetsa ndege za Britain anaphunzirira ntchitoyo pafupi pompano, ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi Zimbabwe. Sitikuyamikira nkhondo ayi, pakuti mabomba awo anapha amayi ndi ana ochuluka ku Hamburg mu 1943 ndi ku Dresden mu 1945. Koma tikuona mmene abale awo amasungira timabuku tolembamo maulendo a ndege, zithunzi ndi makalata, ndipo mu 2012 anawatsegulira chikumbutso ku London.

Kwathu kuno tili ndi nsanja ya Keyala ku Zomba, yomangidwa pokumbukira amene anafa pa nkhondo yoyamba, ndipo mwezi wa November uliwonse akuluakulu amakaika nkhata za maluwa. Tilinso ndi magule. Mganda wa kuno ku Dowa ndi beni wa kwathu kunyanja anatengera perete wa asilikali. Koma gule satchula dzina la munthu. Dzina lili m'bokosi, ndipo bokosilo lili pangozi.

Mayiwo anatiuza kuti chaka china kunabwera munthu wogula zinthu zakale, nafuna mendulozo. Inali nthawi yobzala, m'nyumba munalibe feteleza, ndipo adzukulu anati zigulitsidwe. Sitingawadzudzule anawo, pakuti njala siidikira. Koma agogo awo anakana. "Feteleza atha chaka chomwecho," anatero. "Nanga ine ndikapita, mudzaloza chiyani ponena kuti agogo athu anaoloka nyanja yamchere?"

Tinawafunsa ngati adzukuluwo akudziwa kumene kuli Burma, dziko lomwe tsopano limatchedwa Myanmar. Onse anangoyang'ana pansi. Pamenepo tinazindikira kuti mendulo payokha siyankhula. Wakuiyankhulira ndi mayi uyu yekha, ndipo maso ake ayamba kale kuchita khungu. Usiku womwewo, ndi nyali ya koloboyi, mdzukulu wa Fomu 2 anakopera m'kope dzina, nambala ya usilikali ndi zonse zimene agogo ake anakumbukira. Kabuku kaja tinakakulunga m'pepala la pulasitiki.

Pobwerera, titayamba kutsetsereka n'kuona nyanja ikunyezimira patali, tinakumbukira kuti midzi ya ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota inatumiza ana ake ambiri ku Keyala. Mabokosi otere alipo m'nyumba zathu, ena tikusungiramo mbedza ndi misomali. Abale ndi alongo, tsegulani lanu sabata ino. Khalani pansi ndi agogo akadali moyo, muwafunse kuti mwini wake anali ndani, anapita kuti, anabwerako liti. Mwana mmodzi agwire cholembera.