Fupa la Kwa Kanduku Likafika mu Labu

Munthu wa kwa Kanduku akatupa ntchafu kapena m'chiuno, chotupa chake cholimba gwa ndiponso chopweteka usiku, amayamba wajambulitsa X-ray ku chipatala cha boma ku Mwanza. Akachikayikira amamutumiza ku chipatala cha Queens ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, komwe dokotala amadulako kachidutswa. Kachidutswako ndi kamene kamatipeza ife amisiri a mu labu. Wodwalayo sitimuona nkhope, timangoona botolo ndi fomu.

Mwa khansa za mafupa, imene imanditayitsa nthawi kwambiri ndi chondrosarcoma. Imapanga fupa lofewa, la mtundu uja wa kukhutu ndi kunsonga kwa mphuno. Imakonda anthu opitirira zaka 40 ndipo imakula pang'onopang'ono, mwini wake n'kumangoti ndi nyamakazi. Mankhwala a khansa a m'diripi sailowa kwenikweni, makina owotcha nawonso chimodzimodzi. Chimene chimathandiza ndi opaleshoni yochotsa chotupa chonse, choncho dokotala ayenera kudziwiratu chimene akukadula.

Kachidutswa kamayamba kakhala mu formalin, wochuluka kakhumi kuposa iko. Kenako timakaviika mu asidi kuti kashiamu asungunuke, poti mpeni sungadule fupa louma. Apa ndi pamene mmisiri amadziwikira. Ukakavuula msanga, mpeni umabenthuka. Ukakaiwalamo, maselo amafufuma ndipo utoto sugwira. Kakafewa bwino timakakwirira mu phula, n'kukasenga pa makina a microtome, mamaikironi 3 mpaka 5, kupyapyala kosatheka kugwira ndi chala. Fupa lofewali lili ndi mwano wake: limakwinyika, nthawi zina n'kusomphoka pagalasi uli mkati mopaka utoto, ntchito n'kuyambiranso.

Galasi likapita kwa dokotala wa pathology, funso limakhala lovutabe. Chondrosarcoma ya giredi 1 imafanana kwambiri ndi enchondroma, chotupa chomwe si khansa, moti akatswiri awiri angathe kusiyana maganizo pagalasi limodzi. Amafufuza ngati chotupa chalowerera n'kuzinga timizere ta fupa lakale. Amayang'ananso malo: maselo omwewo m'chala sadetsa nkhawa, koma m'fupa la m'chiuno ndi nkhani ina. Pa X-ray chotupa cha mtunduwu chimaonetsa madontho oyera onga mbuliwuli, ndipo fupa likadyeka cham'kati, chikayiko chimakula.

Palinso mitundu yosowa. Ya mesenchymal, yomwe Lichtenstein ndi Bernstein anaifotokoza mu 1959, imagwira achinyamata. Ya clear cell imabisala kumutu kwa fupa la ntchafu. Yoopsa ndi ya dedifferentiated, imene Dahlin ndi Beabout anailemba mu 1971: mbali imodzi ndi chotupa chofatsa, pambali pake pamera khansa yolusa. Kachidutswa kakatengedwa kumbali yofatsayo, ngakhale galasi litakonzedwa mwaluso chotani, yankho likhala lonama.

N'chifukwa chake ndimanyansidwa ndi botolo lobwera ndi fomu yolembedwa mawu amodzi okha, akuti chotupa, popanda zaka za wodwala kapena dzina la fupa. Lina limabwera ndi madzi amchere m'malo mwa formalin, mnofu utaola kale.

Anzanga otumiza mabotolo, lembani zaka, fupa lake ndi miyezi imene latupa, ndipo X-ray ibwere limodzi, ngakhale yojambula pafoni. Inunso abale a kwa Kanduku, fupa lotupa lopweteka usiku musalitemere mphini, pitani nalo ku Mwanza akalijambule.