Mau Asanu a Cispanishi ndi Cikho Cimodzi

Cinenero ca eni ake cimalowa bwino m'mutu tikayambira pa zimene iwo amadya ndi kumwa. Ife a m'banja mwathu ku Chelstone tinayamba Cispanishi ndi mau asanu okha, onsewo okhudza cakumwa ca ku Argentina, Uruguay ndi Paraguay. Ambiri a inu munaciona m'manja mwa Papa Francis, amene anatisiya pa 21 April 2025, kapena mwa Lionel Messi pa mpikisano wa mpira ku Qatar mu 2022.

Liu loyamba ndi mate. Anzathu Acibemba akalimva amaseka, pakuti kwao amate ndi malovu. Koma kumeneko limatanthauza cakumwaco ndiponso cikho comwera, ndipo linacokera ku liu la Quechua lakuti mati, ndiye kuti cipanda.

Laciwiri ndi yerba, masamba ouma osinja a mtengo wa Ilex paraguariensis. Anayamba kuwamwa ndi anthu a mtundu wa Guaraní. M'zaka za m'ma 1600 ansembe a Cijezuiti anayamba kulima mtengowu m'mamishoni ao ku Paraguay, kufikira pamene mfumu ya Spain inawapirikitsa mu 1767. Ndi cipani comweco cimene cinatsegula Kasisi ndi Chikuni mu 1905.

Lacitatu ndi bombilla, kampope kacitsulo kokhala ndi sefa kunsi kwake. Lacinai ndi cebador, munthu wothirira anzake. Iyeyu amathira madzi otentha koma osawira, namwa yekha cikho coyamba cifukwa ndico cowawa koposa. Akatero amathiranso, napereka kwa mnzake, amene amamwa zonse ndi kubweza cikho. Cimazungulira motero, ndipo wolemera ndi wosauka yemwe amadikira nthawi yake.

Lacisanu ndi gracias, zikomo. Pa bwalo la mate liuli salichula msanga. Ukalinena pobweza cikho, watanthauza kuti wakhuta, ndipo cikadzazunguliranso cidzakudumpha.

Pophunzira mauwa tinaona kuti mwambo wake si wacilendo konse. Makolo athu ankamwera thobwa ndi munkoyo m'cipanda cimodzi, ndipo mwini wake ankayamba walawa kuti alendo amwe mopanda mantha. Lero munkoyo timaugula m'botolo la pulasitiki ku msika wa Soweto, tikumwa tili ciimire. Zipanda zakhala zokongoletsera nyumba zimene alendo amagula ku Kabwata Cultural Village. Ku Woodlands ndi Kabulonga mipanda yatalika kotero kuti munthu amatha caka osadziwa dzina la mnansi wake.

Sitikunena kuti tibwerere ku cikho cimodzi mosasamala. Tonse tikukumbukira kolera wa mu January 2024, pamene bwalo la National Heroes Stadium linasanduka cipatala. Nakonso ku Argentina, m'nthawi ya Covid-19 mu 2020, anthu analangizidwa kuti aliyense akhale ndi cikho ndi bombilla yake. Koma cimene cimamanga ubale si kampope ai. Ndi kukhala pansi pamodzi, kudikira mnzako, ndi kupezeka kwa munthu wolola kumwa zowawa kuti ena amwe zabwino.

Akulu anati kupatsa nkuika. Makapu angasiyane, koma mtsuko ukhale umodzi. Nanga m'nyumba mwanu, wothirira anzake sabata lino adzakhala yani?