Nyanja ya ku Nkhotakota ndi Malire Ake

Mlendo wofika ku Nkhotakota aona dooko lotchingidwa ndi mchenga wa Sungu, minda ya mpunga, ndi mitsinje ya Bua, Kaombe ndi Dwangwa irikutsika kuchokera kumapiri. Koma asayese kuti gombe ili likhala pamalo amodzi masiku onse, pakuti nyanja iri nazo nyengo zake za kukwera ndi kuphwa.

Cha m'ma 1915 inaphwa kotero kuti mtsinje wa Shire unaleka kutulutsa madzi, nukhala wotsekeka ndi mchenga ndi bango kufikira cha m'ma 1935. M'chaka cha 1980 inadzala koposa, nifika mamita 477 pamwamba pa nyanja yamchere. Pofika 1997 inali itatsikanso ndithu, ndipo anthu anatsata madzi, namanga ndi kulima pamtunda umene nyanja inawabwereka. M'chaka cha 2024 inabwera kudzatenga zake, nipitirira mamita 476. Ndipo mu February chaka chomwecho Dwangwa anasefukira, nachotsa anthu zikwi zambiri m'nyumba zao.

Nanga chasanduka nchiyani, popeza madzi ali omwe aja? Poyamba, tachuluka: m'chaka cha 1966 dziko lonse linali ndi anthu 4 miliyoni, koma mu 2018 anapitirira 17 miliyoni, ndipo minda ya nzimbe ya ku Dwangwa yaitanira ambiri kuchigwa. Kachiwiri, makolo ankamanga ndi mitengo, dothi ndi udzu, ndipo kusamuka sikunali kobvuta. Lero nyumba ya njerwa ndi malata, sukulu ndi mjigo sizinyamulika. Kachitatu, pamene mitengo yatha kumtunda, mvula ikokolola dothi, nilikwirira mitsinje, ndipo madzi asowa njira. Mwera naonso, ukaomba nyanja iri yodzala, uponya mafunde pakhoma.

Ena ati atsegule zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde, imene inamangidwa mu 1965. Koma madzi otuluka kumeneko agwera abale athu a ku Chikwawa ndi Nsanje.

Tsono, atate ndi amai, musanakumbe maziko, funsani nkhalamba za pamudzi pamene madzi analekezera mu 1980, ndipo nyumba, nkhokwe ndi chimbudzi zikhale kumtunda kwake. Akale sananame ponena kuti madzi saiwala khwawa.