Mwadziwa bwanji, bambo?

Tsiku loyamba la phunziro la epistemology aphunzitsi athu sadabwere ndi buku. Adangolowa, nkuika choko patebulo, nkutiuza kuti aliyense ang'ambe kapepala alembepo chinthu chimodzi chimene akuchidziwa popanda chikayiko. Ine ndidaseka chamumtima. M'chipinda monsemo wamkulu ndidali ine, bambo wa ana awiri, mwini dipuloma ya utolankhani, amene adapita ku yunivesite ku Zomba kukasaka digiri anzake amsinkhu wake ali pakalikiliki kumanga nyumba. Ana amene ndinkakhala nawo moyandikana ankanditchula kuti ankolo. Ndiye ankolo alephere funso la mwana wa Sitandade 1?

Ndidalemba tsiku langa lobadwa, 5 Meyi 1989. Mwatsoka, atatolera timapepalato kanga ndiko kadali pamwamba.

"Mwadziwa bwanji, bambo?" adafunsa aphunzitsiwo.

"Wobadwayo ndine," ndidatero.

"Kuti mudalipo sitikukana. Koma mudayang'ana pakalendala?"

Kalasi yonse idafa nalo phwete. Ndidayankha motsitsa mawu kuti adandiuza ndi amayi. "Ndiye kuti mudamva," adatero iwo. "Tsono teremu yonseyi tikhala tikufunsa ngati kumva ndi kudziwa nchinthu chimodzi."

Epistemology, awerengi, ndi nthambi ya filosofi imene imafufuza za kudziwa: kudziwa nchiyani, kumachokera kuti, nanga kumalekezera pati. Anzanga atamva kuti ndikuphunzira zimenezi adandifunsa ngati zimagula ufa. Sindidawayankhe, pakuti nanenso ndidatenga phunzirolo pongofuna kukwaniritsa chiwerengero cha makosi. Sindidadziwe kuti likaloza chala pa ntchito imene yakhala ikundidyetsa zaka zoposa khumi.

Tidayamba ndi Plato, Mgiriki wa ku Athens amene adalemba zaka zoposa 2,300 zapitazo. M'buku lake lotchedwa Theaetetus, Socrates akufunsa mnyamata wina wanzeru kuti kudziwa nchiyani. Mnyamatayo akuyesa katatu. Poyamba akuti kudziwa ndi kuona, kumva, kukhudza ndi zina zotere. Kachiwiri akuti ndi kukhala ndi ganizo loona. Kachitatu akuti ndi ganizo loona limene munthu angathe kulifotokozera. Mayankho onse atatu Socrates akuwapezera chilema, ndipo buku likutha funso lili chiimire. Ana ena adakwiya kuti tawerenga masamba onsewo pachabe. Ine chidandigwira ndi chitsanzo chimodzi cha m'katimo. Socrates akukumbutsa za oweruza milandu amene amakopeka ndi pakamwa pa munthu wodziwa kulankhula, nkugamula za mlandu umene sadauone. Mwina chigamulo chawo chikhoza kukhala cholondola, koma kodi tinganene kuti akudziwa chimene chidachitika? Ndidayang'ana cholembera changa. Oweruza aja ndi inu awerengi, ndipo wapakamwa pothyathyalika uja ndine.

Sabata yotsatira aphunzitsi adalemba pabolodi mfundo zitatu zimene anthu ambiri a filosofi adakhala akuzitenga ngati miyendo ya kudziwa. Choyamba, chinthucho chikhale choona. Chachiwiri, iwe uchikhulupirire. Chachitatu, ukhale ndi chifukwa chomveka chochikhulupirira. Ndidazikopera m'kope mtima uli m'malo, poganiza kuti mafuwa atatu akwana, mphika ukhazikika. Koma asadafufute nkomwe adatisimbira za wotchi ya Bertrand Russell, Mngelezi amene adapereka chitsanzochi m'buku lake la 1948. Munthu akuyang'ana wotchi imene amaidalira masiku onse, ndipo ikuloza nthawi inayake. Iye akukhulupirira, ndipo nthawiyo ndi yomweyodi. Chimene sakudziwa nchakuti wotchiyo idaima kale, ndipo wangoiyang'ana pa mphindi imene mivi yake yakufayo yagwirizana ndi nthawi yeniyeni. Choona chilipo, chikhulupiriro chilipo, chifukwa chilipo. Nanga munthuyo akudziwa nthawi?

Mu 1963 Edmund Gettier, mphunzitsi wa ku Detroit ku America, adasindikiza nkhani ya masamba atatu okha m'magazini ya filosofi yotchedwa Analysis. Adapereka zitsanzo ziwiri za mtundu womwewu, ndipo kuyambira pamenepo akatswiri akhala akusaka mwendo wachinayi mpaka lero osagwirizana. Masamba atatu! Ife olemba ndakatulo timadzitama kuti timasunga mawu, koma bamboyu adatiposa.

Usiku umenewo sindidagone, chifukwa wotchi yakufayo ndidaizindikira. Mu 2016 ndidalemba nkhani yakuti msungichuma wa kagulu kena ka alimi wadya ndalama za anzake. Adanditsina khutu ndi mlembi wa kagulu komweko, munthu wokhala m'komiti, amene ndidali ndi chifukwa chonse chomukhulupirira. Nkhani idatuluka, oona za mabuku adabwera, ndipo adapezadi kuti ndalama zasowa. Ndidatamandidwa. Mkonzi wina adanditcha mtolankhani wa mphuno yakuthwa, ndipo ntchito zidayamba kubwera zokha. Patatha zaka ziwiri ndidakumana ndi mlembi uja pamaliro, atalawako pang'ono. Adandikokera kuseri kwa nyumba nkundiuza akuseka kuti, "Achimwene, paja mukudziwa kuti mabuku aja ine sindidawaone? Ndidangopeka. Munthu uja adandimana ngongole." Nthawi imeneyo ndidaseka naye, ndikuti zilibe kanthu poti wakubayo adabadi. Ku Zomba ndiko ndidamvetsa kuti mbiri yanga yonse idamangidwa pa mwayi. Msungichumayo akadakhala wosalakwa, nkhani yanga ikadakhala yomweyo, liwu ndi liwu, ndipo ndikadaipitsa dzina la munthu ndi mtima woyera womwewo.

Bola ilo lidali bodza logwera pa choona. Pali china chimene ndakhala ndikuchibisa, ndipo adachifukula ndi David Hume wa ku Scotland. M'buku lake la 1748 muli chigawo chokamba za zozizwitsa, m'mene akulangiza kuti munthu akakusimbira chinthu chodabwitsa uziika zinthu ziwiri pasikelo. Mbali ino uike kuti chinthucho chidachitikadi. Mbali inayo uike kuti wokuuzayo wanamizidwa, kapena akukunamiza. Kumene sikelo yalemera ndiko upite. Aphunzitsi atatha kufotokoza adafunsa ngati alipo amene angapereke chitsanzo cha kuno kwathu. Mtsikana wina wa ku Phalombe adakweza dzanja nkungoti, "Anamapopa."

Ambiri mukukumbuka. Mu Seputembala 2017 mphekesera idabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe yakuti kuli anthu oyenda usiku opopa anzawo magazi. Idafalikira ku Thyolo, ku Chiradzulu mpaka mu mzinda wa Blantyre. Anthu ankagona panja m'magulu, achinyamata ankatseka misewu nkumasecha galimoto, bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma ena, ndipo anthu angapo adaphedwa ndi magulu olusa pongowaganizira. Apolisi adamanga anthu oposa 100. Mphekesera yotereyi idaliponso mu 2002. Wopopa magazi ngakhale mmodzi sadapezeke.

Ine ndidapitako masiku amenewo, kope m'manja. Ndidacheza ndi amayi atatu a m'mudzi umodzi, ndipo onse adandiuza zofanana: kuwala padenga, fungo lachilendo, kudzuka thupi lili lefu. Ndidawerenga kuti mboni zitatu, nkhani yakwana. Sindidafunse kuti woyamba kusimba adali yani, ngakhale kuti atatuwo ankatunga madzi pa mjigo umodzi ndipo adali atagona pabwalo limodzi sabata yathunthu. Sindidapite kuchipatala kukafunsa ngati alipo amene adamuyeza nkumupeza ndi bala kapena magazi ochepa. Ndidalemba nkhaniyo ndikuthira "akuti" m'ndime iliyonse monga mchere, ndipo ndidagona tulo tabwino poganiza kuti "akuti" wanditchinjiriza. Si ine ndanena, anena ndi iwo.

Chichewa chathu chili ndi kamawu kameneka, kothandiza ndithu, kosonyeza kuti wolankhulayo sadaone yekha. Pakamwa pa agogo kamagwira ntchito yake bwino, chifukwa womvera amatha kufunsa kuti, "Akutero ndani?" Koma kakalowa m'nyuzipepala kamavala jekete. Wowerenga saonanso "akuti", amaona zilembo zosindikizidwa, ndipo akakafika kumsika amati, "Zalembedwa." Patangopita masiku ochepa nkhani yanga itatuluka ndidamva kuti kwaphedwa munthu wina wapaulendo. Sindinganene kuti adaphedwa chifukwa cha ine, pakuti moto udali utayaka kale. Koma chikuni changa ndidasonkhezerapo, ndipo adandilipira.

Zitatero ndidagwera mbali ina. Tidali titafika pa René Descartes, Mfalansa amene m'buku lake la 1641 adaganiza zokayika chilichonse chimene chingakayikidwe. Maso amanama nthawi zina. Munthu akamalota sadziwa kuti akulota. Mwinanso pali chimzimu china chochenjera chimene ntchito yake ndi kutipusitsa pa zonse. Chimene adatsala nacho nchakuti wokayikayo sangakayike kuti iye mwini alipo. Ine ndidamukonda Descartes monga wodwala akondera sing'anga watsopano. Ndidaleka kutumiza nkhani kwa akonzi. Munthu akandiuza kanthu ndinkamufunsa kuti wadziwa bwanji, mpaka anzanga adayamba kundithawa. Nditapita kunyumba kumapeto kwa mwezi, mayi a ana adandiuza kuti eni nyumba abwera kawiri kudzafunsa lendi. Ndidayankha mwachibwana kuti tingatsimikize bwanji kuti sitikulota. Adandiyang'ana nthawi yaitali nkuti, "Bambo a Chikondi, akabweranso ndidzawauza kuti akulota. Katundu akamadzatulutsidwa panja mudzatidzutse."

Chikayiko chotere ndi ulesi wovala taye, ndipo aphunzitsi adachiona m'nkhani imene ndidalemba ya mayeso apakati pa teremu. Adalemba m'mphepete ndi inki yofiira kuti ndikawerenge Thomas Reid, Mskotishi mnzake wa Hume amene ankatsutsana naye. Reid, m'buku lake la 1764, akuti anthufe tidalengedwa ndi mtima wonena zoona ndiponso mtima wokhulupirira zimene tauzidwa, ndipo mwana akadati azidikira umboni asadakhulupirire makolo ake sakadaphunzira kanthu. Ndidawerengera zimene ndimati ndikuzidziwa: kuti dziko lino lidalandira ufulu mu 1964, kuti udzudzu ndiwo umafalitsa malungo, kuti kuli mzinda wotchedwa Cairo. Palibe nchimodzi chomwe chimene ndidachiona ndi maso angawa. Pafupifupi zonse za m'mutu mwanga ndi "akuti". Tsono nkhani siyakuti tileke kumva za anthu. Nkhani ndi yakuti tidziwe kufunsa: wanenayo adali pati, adaona chiyani, apindulanji ndikamukhulupirira, nanga mboni zitatuzi ndi zitatudi kapena ndi imodzi yolankhula ndi pakamwa patatu? Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Patchuthi ndidakwera minibasi kupita kumudzi, ndipo madzulo tili pakhonde ndidawafunsa amayi funso la aphunzitsi lija. "Amayi, mudadziwa bwanji kuti ndidabadwa pa 5 Meyi?"

"Iwe, sukulu yakupengetsa eti?" adatero. Koma adayankha. Adati idali sabata imene Papa Yohane Paulo Wachiwiri adabwera ku Malawi, ndipo azimayi anzawo a kutchalitchi adapita kukamuona iwo nkutsala chifukwa cha ine. Zimenezo ndidakazipeza m'mabuku kuti nzoona, Papayo adali kuno kuyambira pa 4 mpaka pa 6 Meyi 1989. Kenaka adalowa m'nyumba nkutulutsa chitini chakale cha mabisiketi, m'mene amasungamo makalata. Pansi penipeni padali kadi langa la kusikelo, lofiirira ndi ukalamba. Ndidaliyandikiza ku nyali. Padalembedwa 6 Meyi.

"Nanga apa?" ndidafunsa.

Amayi sadatekeseke. Adati ndidabadwira m'nyumba usiku, atambala asadalire, ndipo kuchipatala adafika nane kutacha. Anamwino adalemba tsiku limene adandiona. Kwa iwo tsiku limatha munthu akadzuka, ndiye ndidabadwa pa 5. Kwa a wotchi, ngati 12 koloko idali itadutsa, ndidabadwa pa 6. M'nyumbamo mudalibe wotchi, ndipo azamba amene adandilandira adamwalira kalekale.

Mboni ziwiri, zonse zoona mtima, ndipo zasiyana tsiku limodzi. Kale ndikadasankha imene yandikomera nkulemba. Tsopano ndidatulutsa kope langa nkulemba zonse ziwiri, ndi chifukwa chimene zasiyanira. Amayi adandiyang'ana ndikulemba, nkundifunsa ngati nkhani imeneyinso ituluka m'nyuzipepala. Ndidati mwina. "Ukalembe kuti ndanena ndine," adatero, "ndipo ndidalipo."

Ndayambanso kutumiza nkhani kwa akonzi, pakuti fizi ya chaka chamawa sidikira filosofi. Zimatenga nthawi yaitali kuposa kale, ndipo ziwiri ndazisiya m'kabati chifukwa mboni zake nditazitsata zidakathera pa munthu mmodzi. Ndalama zake ndidazifuna, lendi idali itakwananso. Pa fomu ya mayeso ndidalembabe 5 Meyi, tsiku la amayi.