Mzere ndi Mwini Wake

Pa ntchito zonse za wojambula, palibe yooneka yapafupi ngati kukoka mzere. Mwana wa sitandade 1 amaukoka pamchenga ndi chala, mlimi amaunga wake ndi khasu, ndipo palibe amene amawaombera m'manja. Koma anzanga amene mudayesapo kujambula pa tabuleti mukudziŵa kuti mzere umodzi woyera, wopanda ubweya ndi manjenje, ungathe kumudyera munthu usiku wathunthu. Ine ndalimbana nawo chaka chonse chino, ndipo ndati ndikuuzeni zimene nkhondoyi yandionetsa, poti ndiganiza kuti si ya ojambula okha ayi.

Kujambula ndidayamba kalekale, kumapeto kwa makope a masamu, ndi bolopeni. Dzanja langa lidakulira papepala ndipo silidandichititsepo manyazi. Koma masiku ano munthu akafuna chithunzi cha pachikuto cha buku kapena cha chikalata choitanira anthu kumsonkhano, amafuna chimene angachitumize pa foni ndi kuchisindikiza tsiku lomwelo. Choncho ndidasunga kandalama, ndi kugula tabuleti yogwirapo kale ntchito, ya mtundu uja wopanda chionetsero, imene umailumikiza ku kompyuta. Posakhalitsa mnzanga wina adandipatsa ntchito ya zithunzi 12 za kabuku ka nthano za ana kamene adalemba. Adandikhulupirira chifukwa cha zimene adaona m'makope mwanga. Ndipo apa mpamene dzanja lija lidasanduka mlendo kwa mwini wake. Mizere inkatuluka ngati nkhuku yapalasa pamtaya. Vutoli silinali la maonekedwe okha, chifukwa pothira mitundu pa kompyuta, mzere ukasiya kampata ngakhale kakang'onong'ono, utoto umadutsira pomwepo ndi kusefukira chithunzi chonse, kalulu ndi thengo lomwe kukhala zofiira.

Nditafufuza ndidapeza zifukwa zitatu. Choyamba, pepala limakana. Lili ndi timanyerenyere timene timagwira nsonga ya pensulo, ndipo kukanako nkumene kumakhazika dzanja pansi. Pulasitiki kapena galasi la tabuleti silikana kanthu. Cholembera chimangoterereka ngati phazi pamatope a mu Januwale. Nchifukwa chake ena amamata kapepala kokhakhala pamwamba pake. Chachiŵiri, pa tabuleti ngati yangayi dzanja lili patebulo koma maso ali pa kompyuta, ndipo malo ojambulapo ndi aang'ono kuposa chionetsero, kotero kuti dzanja likasuntha pang'ono mzere umayenda patali. Kaphonyedwe kalikonse kamakula nako.

Chachitatu ndicho chidanditsegula maso. A zaumoyo amati dzanja la munthu aliyense, ngakhale wathanzi, limanjenjemera pang'ono pokha, ka 8 mpaka 12 pa sekondi. Pepala limabisa manjenjewo, koma tabuleti imaŵerenga pamene pali cholembera kopitirira ka 100 pa sekondi, ndipo zambiri za masiku ano zimasiyanitsa kadindidwe m'magawo 8,192. Makina otere sabisa kanthu. Ukakoka mzere pang'onopang'ono ndi mtima wosamala, manjenje onse amapeza nthaŵi yolembedwa. Ukaukoka mwachangu, umawasiya m'mbuyo. Ndiye kuti kusamala komwe kuja kumene tidaphunzira kusukulu, lilime lili kunja, nkumene kumaononga mzere. Mbeŵa ya manyazi idafera kuuna.

Makinawo amabwera ndi mankhwala aŵiri, ndipo onse ndawalaŵa. Oyamba ndi kabatani kobwezera m'mbuyo. Ukakoka mzere woipa, umangodina Ctrl ndi Z, mzere uja nkuzimirira osasiya ndi chipsera chomwe. Poyamba zimaoneka ngati ufulu. Koma taonani zimene zimachitika mumtima: munthu amene akudziŵa kuti angathe kufafaniza amayamba mzere asadatsimikize kumene ukupita. Usiku wina ndidaŵerenga, ndi kupeza kuti chibwano cha nkhalamba imodzi ya m'nthano ija ndidachikoka ka 43. Mzere wa 43 sudapose wachitatu. Chidasintha nchakuti tambala adali atalira.

Mankhwala achiŵiri ndi chowongolera mzere. Mu pulogalamu yaulere ya Krita amachitcha stabilizer, mu Procreate muli china chotchedwa StreamLine. Kagwiridwe kake nkoti kompyuta siitsata cholembera phazi ndi phazi, koma imatenga malo angapo amene chadutsa, nkupeza apakatikati, nkukoka mzere wake wosalala. Ukachikweza kwambiri mzere umatsalira m'mbuyo ngati mbuzi yokokedwa pachingwe. Zoonadi mizere yanga idasalala tsiku lomwelo. Koma makona akuthwa adafota, nsidze za nkhalamba ija zidataya ukali wake, ndipo nditamuonetsa mwini kabuku uja, adayang'ana nthaŵi yaitali nati, "Achimwene, nzokongola ndithu, koma ajambula ndani?" Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Funso lakelo lidandikumbutsa nkhani imene Pliny Wamkulu, mlembi wachiroma amene adamwalira m'chaka cha 79, adasimba za Apelles, wojambula wotchuka wachigiriki. Akuti Apelles adapita pachilumba cha Rhodes kukaona mmisiri mnzake Protogenes, koma adapeza atachokapo. M'malo motchula dzina, adangokoka mzere umodzi woonda pathabwa limene lidali pamenepo. Protogenes pobwera, atangouona, adadziŵa mlendo wake. Adakoka wina woonda koposa pamwamba pake, ndipo Apelles pobweranso adakoka wachitatu pakati pa iŵiriyo, mpikisano nkuthera pomwepo. Chimene chimandigwira mtima m'nkhaniyi si kuonda kwa mizereyo, koma kuti mzere umodzi udakwanira kukhala dzina la munthu. Nanga onse aŵiri akadakhala ndi chowongolera chimodzimodzi, Protogenes akadamzindikira bwanji mnzakeyo?

Phunziro lenileni ndidalitola kumsika, kwa bambo ŵina achikulire olemba zikwangwani za magolosale. Ndidaimirira kuwaonerera akulemba chilembo cha S chotalika ngati mkono, ndi utoto wa mafuta umene sufafanizika. Ndidaona kuti asadagunde khoma ankayendetsa bulashi m'malere kaŵiri kapena katatu, kutsata njira ya chilembocho, kenaka nkutera ndi kuchimaliza mumpweya umodzi. Zala zawo sizinkasuntha. Ntchito yonse inkachokera paphewa ndi pachigongono.

"Bambo," ndidafunsa motero, "kodi dzanja lanu silinjenjemera?"

Adaseka, nanditambasulira dzanja lawo kuti ndidzionere ndekha. Linkagwedera kuposa langa.

"Mwana wanga, dzanja ili lakalamba. Koma ine sindiyang'ana pamene pali bulashi. Ndimayang'ana kumene ikupita."

Kuyambira tsiku limenelo ndidadziikira malamulo. M'maŵa uliwonse, ndisadapite kukalasi, ndimadontheza timadontho tiŵiritiŵiri pa kompyuta ndi kutilumikiza ndi mzere umodzi wachangu, maso ali pakadontho kakumapeto. Ndimayamba ndayendetsa cholembera m'malere monga bambo aja. Ndimatembenuza chithunzi kuti mzere uliwonse ugwere mbali imene mkono wanga umapindikira mwachibadwa. Sindichikulitsa kwambiri, chifukwa ukayandikira diso umaiŵala nkhope. Chowongolera ndidachitsitsa, chingochotsa manjenje koma chisiye makona. Ndipo mzere uliwonse ndimaupatsa mwayi katatu kokha. Wachitatuwo ukhale bwanji, umakhala. Pliny yemweyo adati Apelles sankalola tsiku kudutsa osakoka mzere, ndipo ine ndaona kuti njira ina palibe.

Sindinganame kuti mizere yanga tsopano ndi ya Hergé, mmisiri wa ku Belgium uja wa zithunzi za Tintin, amene kajambulidwe kake koyera kadakhala sukulu ya ambiri. Pa zithunzi 12 zija ndamaliza 9, ndipo m'zonsezo muli mizere yopotoka pang'ono imene ndidaisiya dala. Mwini kabuku sadafunsenso kuti ajambula ndani. Ndazindikira kuti mzere woyera si wopanda chilema ayi, koma ndi umene udakokedwa kamodzi ndi munthu wodziŵa kumene akupita. Ubweya umene timauona pamzere woipa ndi mapazi a mtima wokayika.

Tsono inu alembi anzanga, musati nkhaniyi siikukukhudzani. Amene adayamba kukumana pa Chancellor College mu 1970 kuŵerengerana ndakatulo ndi nthano ankadinda mawu awo pa sitensulo, pamene chilembo cholakwa chinkafuna mankhwala onunkha aja ndi kudikira kuti aume. Munthu ankaganiza chiganizo chonse asadakhudze taipi. Lero tili ndi makina ofafaniza mosatopa, ndi ena osalaza ziganizo mpaka zonse kufanana ngati mazira. Sinditi tiwataye, ine tabuleti yanga sindiisiya. Koma sabata yamaŵa, mukamadzaŵerenga ndakatulo yanu pamaso pathu, ine ndidzatsinzina, ndione ngati ndingakuzindikireni ndi mzere umodzi.