Nthenga pa mbedza, mthunzi pa mtsinje

Ntchito yanga ndi kumanga nyambo za nthenga. Ndimatenga mbedza yopanda kanthu, ulusi, nthenga za tambala kapena za nkhanga ndi kaubweya ka kalulu, n'kumakulunga mpaka patuluke kachilombo koti nsomba ikakaona ithamangire. Kuno ku Nsanama anthu akandipeza pakhonde nditawerama pa kachitsulo kopanira mbedza, ambiri amayesa ndikukonza ndolo. Ndikawauza kuti ndi nyambo amadabwa, ndipo kudabwako n'komveka, chifukwa mlamba wa ku Chilwa ndi wa ku Chiuta timaukola ndi nyongolotsi kuyambira kalekale. Nsomba imene ine ndimamangira nyambo sikhala kuno kuchigwa. Ndi trout, nsomba ya madzi ozizira, ndipo malo ake apafupi ndi pamwamba pa phiri la Zomba.

Kwawo kwenikweni kwa nsombayi ndi mitsinje yotsikira m'nyanja ya Pacific, makamaka ya kuzambwe kwa North America. Ku Malawi kuno inabwera ndi atsamunda mu 1906, pofuna kuti aziwedza posangalala monga ankachitira kwawo. Anaiika m'madzi a pamwamba pa Zomba, kenako inafika pa phiri la Mulanje ndi ku Nyika, kumene ili m'madamu a ku Chelinda. Malo onsewa ndi okwera kwambiri, ndipo n'chifukwa chake inakhazikika. Madzi akatentha kupitirira madigiri 20 imayamba kuvutika, imasiya kudya, chifukwa madzi ofunda sasunga mpweya wokwanira. Chambo ndi makumba zimakondwa m'madzi amene trout imafamo.

Ndinapita ku Zomba ndili mnyamata kukafuna ganyu, kudzera pa Liwonde, Malosa ndi Domasi. Ndinakapezeka m'nyumba ina momwe anthu ankakhala pamzere, aliyense ndi kachitsulo kake, akumanga nyambo zotumiza kunja. Kumeneko ndinaphunzira manja. Koma ntchito yeniyeni anandiphunzitsa ndi bambo wina wachikulire amene ankaperekeza alendo odzawedza mumtsinje wa Mulunguzi. Tsiku lina atayang'ana nyambo zanga anati, "Mwanawe, wamanga zokongola. Nanga chimene ukutsanziracho unachionapo?" Anakwera nane kuphiri, n'kundilowetsa m'madzi ofika m'mawondo kumtunda kwa mathithi a Williams, nati nditembenuze mwala.

Pansi pa mwala wa mumtsinje wamoyo pamakhala mudzi wathunthu. Pali tizilombo tafulati ta michira itatu timene timathawira kumbali yamdima ukangotukula mwalawo. Timeneti tikakhwima timakwera pamwamba pa madzi, khungu n'kung'ambika, n'kuuluka ndi mapiko oimirira. Pali timphutsi tomwe timadzimangira chikwama cha mchenga ndi tizitsotso, mutu wokha n'kumasuzumira kunja. Pali ana a tombolombo, ankhanza, amene amadya anzawo. Pamakhalanso nkhanu zazing'ono. Bambo aja anandiuza kuti ndiike kamodzi pachikhatho ndi kukayang'ana mpaka nditaloweza mtundu wake, kutalika kwake, ndi mmene kamapindira thupi. "Ukamange chimenechi," anatero. "Mayina a m'mabuku adzabwera pambuyo."

Mayinawo ndimawadziwa, ndipo ogula amaitanitsa potchula omwewo: Mrs Simpson, Walker's Killer, Coachman, Invicta. Koma ndikamamanga, maso anga amakhala pa mwala uja.

Nyambo ya kachilombo ka michira itatu ndimaimanga chonchi. Ndimapana mbedza yaing'ono pakachitsulo, msana wake uli m'mwamba. Ulusi ndimaupaka phula kuti ugwire, n'kuuzunguliza kuyambira pafupi ndi diso la mbedza kutsikira kumene imakhotera. Pamenepo ndimamangirira timitsitsi titatu ta nthenga ya nkhanga kuti tikhale michira. Kenako nditsina kaubweya ka kukhutu kwa kalulu, n'kukapota pa ulusi ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala mpaka ulusiwo utasanduka kachingwe kanyankhalala. Ndimakulunga kubwerera kutsogolo, kuonda kumchira, kunenepa kuchifuwa. Pamwamba pake ndimadutsitsa kawaya kamkuwa, kamene ndimakasolola m'nthambo za wailesi yakufa. Kamalimbitsa thupi, kamaonetsa timizere ta pamimba, komanso kamalemeretsa nyambo kuti imire. Pomaliza ndimanga mutu, kudula ulusi, n'kudonthezapo vanishi pang'ono ndi nsonga ya singano. Wophunzira aliyense amachulutsa ubweya. Kachilombo ka m'madzi n'koonda, ndipo nsomba imene yakhala ikudya timeneti moyo wake wonse imazindikira msanga chonenepa mopitirira.

Nthenga zabwino zoyandamitsa nyambo zimachoka pakhosi pa tambala wamkulu, zolimba ndi zonyezimira. Za thadzi n'zofewa, zimamwa madzi, choncho zimapita ku nyambo zomira. Pamsika wa Nsanama amayi ogulitsa nkhuku amandidziwa. Ine ndimayamba kuyang'ana khosi, mnofu pambuyo.

Mwezi umene ndimaukonda pa ntchitoyi ndi Ogasiti, kumapeto kwa chisanu, ngakhale kuti masiku amene ndinkagwira ntchito kuphiri sunali mwezi wowedza. M'miyezi yozizira trout imaswana, ndiye ndodo zinkapachikidwa mpaka cha mu Seputembala. Ogasiti unali mwezi womanga nyambo usiku ndi kuyendera mtsinje masana. Nthawi imeneyo madzi amakhala atachepa, oyera mbee, moti umaona chilichonse pansi. M'mawa udzu wa m'dambo la Mulunguzi umakhala utayera ndi chisanu, zala n'kumakanika kumanga mfundo. Ukayenda mwakachetechete, dzuwa lili kumaso kuti chithunzithunzi chako chisagwere m'madzi, umapeza malo amene nsangalabwi zayera kuposa zinzake. Pamenepo yaikazi inagona cham'mbali n'kukumba ndi mchira, kuikira mazira, yaimuna n'kuthira mbewu, kenako n'kukwirira ndi timiyala. Mazirawo amakhala pansi milungu ingapo, akupuma ndi madzi odutsa m'mipata ya timiyalato. Malo otere sitipondapo. Mlendo amene ndinkamuperekeza akafuna kuwolokera pamenepo ndinkamugwira mkono, kaya ndi bwana wamkulu chotani.

Kuwedza kukatsegulidwa, madzi amakhala adakali ozizira ndipo nsomba sizithamangathamanga. Zimakhala pansi pa dziwe, kumene madzi othamanga akumana ndi odekha, kudikira chakudya chibwere chokha. Kulawirira mbandakucha n'kungodzizunza. Zimayamba kudya dzuwa likakwera, madzi atafundako pang'ono. Pa kuwedza kotereku cholemera ndi chingwe, nyambo ilibe kulemera kulikonse. Umakweza ndodo, chingwe n'kutambasuka kumbuyo kwako, umadikira kamphindi kuti chiwongoke, kenako n'kuchitumiza kutsogolo kuti chigone pamadzi mosachita phokoso. Umaponya kumtunda, nyambo n'kumatsika ndi madzi pa liwiro la madziwo. Ikangokokeka pang'ono, nsomba imaisiya. Ndipo trout ikagwira sikoka mwamphamvu ngati mlamba; chingwe chimangoima pang'ono, basi, ndipo ngati unayang'ana kumbali yapita. Imene ukufuna kuibwezera umaigwira ndi manja onyowa, osaitulutsa nthawi yaitali, ukuona mzere wofiirira m'nthiti mwake ndi timadontho takuda kumsana.

Ogasiti yemweyo ndi mwezi umene moto umayamba. Udzu wauma, mphepo ikuomba, osaka mbewa ndi ofuna uchi ali m'tchire. Moto ukadutsa m'mbali mwa mtsinje, tsiku limenelo nsomba sizifa. Vuto limabwera ndi mvula yoyamba, imene imakokolola phulusa ndi dothi la palupsa n'kukazithira m'madzi. Matope aja amatseka mipata ya nsangalabwi. Chaka chotsatira nsomba ilibe poikira mazira, ndipo ukatembenuza mwala umapeza pansi pake pali poterera, popanda kanthu. Chimodzimodzi pamene paini wadulidwa chigwa chonse nthawi imodzi mpaka m'mphepete mwa madzi. Paini anabzalidwa kuti adzadulidwe, zimenezo sindikana, ndipo ocheka matabwa nawonso akufuna kudyetsa ana. Chimene ndimakana ndi kumeta gombe. Mtsinje wopanda mthunzi, pofika Okutobala, madzi ake amakhala ngati otsukira mbale amene aiwalidwa padzuwa. Nkhalango ya Zomba inatetezedwa ndi boma kuyambira 1913, ndipo madzi amene mzinda wa Zomba umamwa amachokera m'damu la Mulunguzi, pa mtsinje womwewu. Amene alibe nazo ntchito za nsomba ya atsamunda aganizire za mpopi wa kunyumba kwake.

Pa za utsamunda wa nsombayi ndili ndi maganizo anga. Trout ndi mlendo, ndipo ndi mlendo wadyera: imadya tizilombo, ana a achule, ndi tinsomba tating'ono ta m'dziko muno. Wina atabwera lero kuti tiithire mumtsinje umene sinakhalemo, ine ndingakane, ngakhale ndimadyera momwemo. Kumene ilipo kale ndimaisamala chifukwa ndi mboni yosanama. Ikasowa, ndiye kuti madzi afunda kapena ada, ndipo zimenezi zimachitika anthu asanayambe kudandaula. Tilinso ndi nsomba yathuyathu ya khalidwe lofanana: mpasa wa m'nyanja ya Malawi, umene umakwera mitsinje ngati Bua ku Nkhotakota kukaikira mazira pa timiyala toyera. Nawonso matope ndi amene akuuthamangitsa m'mitsinje yambiri.

Odzawedza kuphiri atachepa, ndinabwerera kwathu kuno. Nyambo ndimamangabe, zina zimapita kwa owedza m'madamu a m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, zina kwa opita ku Nyika. Koma chizolowezi chotembenuza miyala ndinabwera nacho. Timitsinje ta kuno si ta trout ayi, ndipo sitidzakhala ta trout. Komabe lamulo lake ndi lomwelo. Kumene gombe lili ndi katope, mikuyu, mbawa ndi bango, dziwe limasunga madzi mpaka mvula, ndipo pansi pa mwala pali zoyenda. Kumene dimba lafika mpaka m'madzi, pofika Seputembala amayi akufukula mchenga kuti apeze potunga. Aliyense woyenda msewu wa Liwonde kupita ku Ntaja amaona matumba a makala panjinga, ndipo tonse tikudziwa kuti ambiri akuchokera m'nkhalango ya Liwonde, m'mapiri amene akasupe athu amayambira.

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imadalira mvula ndi mitsinje yothiramo monga Domasi, Likangala ndi Phalombe. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka thope long'aluka. Akuluakulu a kunyanja amadziwa kuti nyanja ikauma, matemba ndi milamba zimabisala m'maiwe a m'mitsinje, ndipo mbewu yodzazanso nyanja madzi akabwerera imachokera mmenemo. Choncho munthu wothira katupe m'dziwe mwezi wa Okutobala, kapena wokokolola ndi neti ya udzudzu, sakupha nsomba za tsiku limenelo zokha. Ndiye ndikaona mnyamata atanyamula neti yobiriwira kulowera kumtsinje, mtima umandipweteka kwambiri, chifukwa ndiwo zimene akapeze sizidzaza n'komwe mbale.

Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023 tinaona kusiyana kwake ndi maso. Gombe la mitengo linagumuka pang'ono. Gombe lolimidwa linapita ndi dimba lomwe. Kuyambira pamenepo anthu ena anayamba kumvetsera. Ndinapita kwa amfumu kukapempha kuti nkhani ya magombe ikambidwe pabwalo, ndipo kuseri kwa nyumba yanga ndinayamba nazale ya katope ndi mbawa m'timachubu. Ogasiti uno ntchito ndi kuthirira mbandezo ndi kulambula udzu kuzungulira mitengo imene tinabzala chaka chatha, moto usanafike.

Chovuta ndi kukambirana ndi mwini dimba. Pali mkulu wina, mnansi wanga, amene tomato wake amafika pamadzi penipeni. Nditamupempha kuti asiye kamzere m'mphepete anati, "Achimwene, inu mumadya za nthenga. Ine ana anga amadya za dothi limeneli." Ananena zoona, ndipo sindikanamuyankha ndi nkhani ya trout. Ndinapita naye pa dziwe la kumunsi kwa dimba lake, tinatembenuza miyala, kenako tinakwera kumtunda kumene kuli mikuyu n'kutembenuzanso. Anaona yekha. Tinagwirizana kuti asiye mapazi asanu kuchoka pamadzi, ine ndipereke mbande ndi nsenjere zoti mbuzi zake zizidya, ndipo tibzale limodzi mvula ikakhazikika mu Disembala. Ine ndinkafuna mapazi khumi. Akuti tidzakambiranenso akaona ngati nsenjerezo zagwira gombe.