Kamakina kamene kankakomoka kakati kayankhule

Mng'ono wanga amaswetsa anapiye ndi makina kwathu ku Dedza. Dzira la nkhuku limaswa pakatha masiku 21, koma likazizidwa nthawi yaitali, mwanapiye amafera momwemo. Nchifukwa chake analumikiza kabolodi ka Arduino ndi kachipangizo kolowetsamo simukhadi kotchedwa SIM800L, kuti kutentha kukatsika kazimutumizira uthenga pafoni. Pakhonde kankagwira bwino ntchito. Atakaika m'chipinda cham'kati momwe muli mazira, kanangoti zii. Usiku wina magetsi anathima iye atakagona kumaliro, uthenga sunabwere, ndipo mazira ambiri sanaswe.

Tonse tinaloza chala netiweki. Anasintha simukhadi, anagula mlongoti wina, koma kanyali kake kankangophethira sekondi iliyonse, kusonyeza kuti kakufunafunabe nsanja. Kenaka anandiimbira foni: "Achimwene, inu mumadya za Chingerezi, tandiwerengerani kabuku ka chipangizochi."

Za mawaya sindizidziwa, ntchito yanga ndi kumasulira mawu. Ndinakhala nako kabukuko masiku awiri, ndikumamufotokozera ndime ndi ndime. Kachipangizoka kamafuna mavoti apakati pa 3.4 ndi 4.4. Pa 2G foni siyankhula mosalekeza, imaponya mawu m'tizidutswa, kalikonse kosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Pa kamphindi kameneko kamatha kukoka maampu 2, ndipo nsanja ikamamveka patali kamakuwa kwambiri, nkukokanso moto wambiri. Moto ukachepa, mavoti amagwa, kachipangizo nkuzima, nkuyambiranso.

Iye anakana. Mita yake inkaonetsa mavoti 4 osagwedera. Apa ndi pomwe panali msampha: mita wamba imachedwa, siiona kugwa kwa kanthawi kochepa chonchi. Tinalumikiza kachipangizoko ku kompyuta kuti tione zimene kamalemba, ndipo tinapeza kuti kakangoyesa kulowa pa netiweki, kamayambiranso kulemba mawu ake oyamba aja, ngati munthu wongodzuka kumene. Moto wake unkadzera pa Arduino ndi pa timawaya titalititali toonda ngati ulusi. Pakhonde nsanja inkamveka bwino, tsono kunong'ona kunkakwanira. M'chipinda muja kankayenera kukuwa, mpweya nkukathera.

Anakapatsa batire yakeyake ya 18650, mawaya aafupi onenepa, ndi kapasita ya 1000 µF pafupi penipeni ndi miyendo yake, kuti izisunga moto wa kamphindi kaja. Kanyali kanayamba kuphethira pakatha masekondi atatu. Kanali katalowa.

Chimandivutabe mumtima nchakuti tinatha milungu itatu tikunyoza anthu osalakwa, vuto lili pa waya wathu womwe. Inenso wolemba akandisokoneza ndimafulumira kunena kuti sanalembe bwino, pamene mwina ndine amene ndawerenga mothamanga ngati mita ija.

Mwezi watha uthenga unafika cha m'ma 2 koloko usiku. Mng'ono wanga anadzuka, nkulumikiza makinawo ku batire ya galimoto. Anapiyewo pano ayamba kumera nthenga.